Ulendo wapansi wa ku Zóbuè: woyenda pang'onopang'ono ndiye atsogole

Nkhani ya ulendo uno ndiyambira pakhomo pathu, popeza ndi pamene inandipeza.

Mayi anga ali ndi zaka 71, bambo anga 76. M'chaka cha 1986, nkhondo itayandikira mudzi wathu kuno ku Angónia, tinathawa usiku kulowera ku Malawi monga anachitira mabanja ambiri a m'parokia muno. Ine ndinali kamwana kogwira nsalu ya mayi, mlongo wanga ali kumsana. Usiku umenewo mayi analonjeza kwa Mulungu, podzera mwa Amayi Maria, kuti tikadzabwerera kwathu tonse amoyo, adzayenda ulendo wautali wapansi kukathokoza. Pangano la mtendere linasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo ife tinabwerera mu 1994, popanda wotsala. Lonjezo lokha ndilo linatsala. Panali minda yoti ithyoledwenso, nyumba yoti imangidwe, ana oti aphunzire, maliro otsatizana, ndipo zaka zoposa 30 zinatha chomwecho.

Chaka chatha, titatha kukolola, mayi anandiitana n'kunena kuti nthawi yakwana, akufuna kuyenda pansi kuchoka kwathu mpaka ku Zóbuè, kumalo oyera a Amayi Maria Wosadetsedwa kumene akhristu a dayosizi yathu ya Tete amasonkhana. Bambo nawo anati mkazi wawo sangayende yekha iwo akali moyo. Kuchokera ku Ulongwe, kudutsa m'boma la Tsangano, kukatulukira pa mphambano ya Mussacama n'kukafika ku Zóbuè pamalire, ndi makilomita oposa 100. Ndinakana. Ndinati ndidzawalipirira chapa, akapemphere, abwerenso m'mawa mwake. Mayi anandiyang'ana kwa kanthawi, n'kuti: "Inu a katekista, usiku ule ine sindinathawe pa chapa."

Ndikudziwa kuti si ife tokha. Pakati pathu pali makolo ambiri amene ananyamula malonjezo a m'nthawi ya nkhondo, a pa matenda a mwana, a pa uchembere wovuta, ndipo tsopano mphamvu zikutha mtima wayamba kuwakumbutsa. Ife ana timayankha m'njira ziwiri. Ena timawaletsa kotheratu, ngati akhanda. Ena timavomera msanga, n'kuwalowetsa m'gulu la achinyamata amene amayenda ndi nyimbo makilomita 30 pa tsiku. Ine ndachitapo zonse ziwiri, ndipo zonse ndi zolakwa. Kholo lokalamba likafuna ulendo woyera wapansi, udindo wathu ndi kuukonza kuti utheke, ndi kuukonza pa msinkhu wa miyendo yake. Wofooka koposa m'gulu ndiye ayenera kulamula kutalika kwa tsiku, ola lonyamukira ndi malo ogona.

Ndiyambe ndi kuletsa. Pokana paja ndinkadziyesa wachikondi, koma nditaunika mtima wanga ndinapezamo zina: ndinkaopa masabata awiri otayika ku ntchito zanga, ndinkaopa ndalama, ndinkaopanso zonena anthu ngati china chitachitika m'njira. Lamulo lachinayi silinatiuze kuti tisunge makolo ngati mbiya yosweka pakona pa nyumba. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa nambala 2218, amakumbutsa ana akuluakulu kuti athandize makolo pa zosowa za thupi ndi za mtima m'zaka za ukalamba, m'matenda ndi m'kusungulumwa. Mayi amene sagona chifukwa cha mawu amene anauza Mulungu ali ndi chosowa chenicheni, ngakhale nsima adye katatu pa tsiku. Komanso ulendo wa kumalo oyera si mwambo wachabechabe wa anthu osaphunzira. Katekisimu yemweyo amauika pakati pa njira zopembedzera zimene Mpingo umalemekeza, ndipo amati umatikumbutsa kuti moyo wonse ndi ulendo wopita kumwamba. Akhristu anzathu akummwera amayenda pansi mwezi wa Meyi kuchoka ku Maputo mpaka ku Namaacha, makilomita oposa 70, ndipo ku Portugal misewu yopita ku Fátima imadzaza ndi oyenda pansi, ambiri a iwo a imvi.

Kulakwa kwachiwiri ndiko kunandiphunzitsa zambiri. Mayi atandigonjetsa, ndinati tiyese kaye. Loweruka lina tinanyamuka ndi anyamata ndi atsikana a kwaya kupita ku kapela ina yakutali, ulendo wa makilomita pafupifupi 25. Ndinagulira bambo nsapato zatsopano dzulo lake, ndikudziona ngati mwana wabwino. Achinyamata anatsogola ndi ng'oma. Ife tinkawapeza atapumula kale pamthunzi, ndipo tikangofika iwo n'kudzuka, kotero kuti okalamba okha ndiwo sanapumule. Ndikafunsa bambo, ankangoti: "Ndili bwino, mwana wanga, tiyeni." Dzuwa litapendeka anakhala pansi pamphepete pa msewu osanena kanthu. Titavula nsapato zija, zidendene zonse ziwiri zinali zitasupuka, sokosi litamatirira pabala. Anabwerera panjinga ya munthu wachifundo, ndipo anakhala masabata atatu osapita kumunda. Choŵaŵa kwambiri kwa iwo sichinali bala ayi, koma manyazi oti anachedwetsa ana. Wolakwa ndinali ine.

Usiku umenewo ndinakumbukira nkhani ya Yakobe pa Genesis 33. Atayanjana ndi Esau, mkulu wakeyo anamupempha kuti ayendere limodzi. Yakobe anakana mwaulemu, pofotokoza kuti ali ndi ana ofooka ndi ziweto zoyamwitsa, zimene zikathamangitsidwa tsiku limodzi lokha zikhoza kufa. Anasankha kutsatira pang'onopang'ono, pa mayendedwe a ziweto ndi a ana. Yakobe sanali wolumala mtima, ndipo kwawo ankakufuna, koma anadziwa kuti mtsogoleri amayeza njira ndi phazi la wam'mbuyo. Ndinaphunzitsa ndime imeneyi kangapo kwa okonzekera ubatizo, osaona kuti ikunena za ine.

Ndisanakambe za nsapato ndi madzi, pali mfundo ya chiphunzitso imene makolo athu ambiri saidziwa, ndipo kusaidziwa kumawazunza. Mayi anga ankati safuna kukaonekera kwa Mulungu ndi ngongole. Mawuwo ndi aulemu, koma ali ndi mantha amene Uthenga Wabwino sunatiphunzitse. Mulungu si wokongoza ndalama amene amalemba masiku pakhoma. Lonjezo ndi mphatso ya mwana kwa Atate wake, ndipo liyenera kukhala la chinthu chabwino chimene munthu angathe kuchita. Lamulo la Mpingo, pa kanoni 1196 ndi 1197, likunena zomveka: munthu amene anawinda payekha angathe kusintha yekha chowindacho ndi ntchito ina yabwino yofanana nacho kapena yoposa, ndipo pakakhala chifukwa choyenera, Ambuye Episkopi kapena Bambo Mfumu wa parokia ali ndi mphamvu yochisintha ndi ntchito yopepukirapo, ngakhale kumumasula kotheratu. Choncho ulendo uyambire ku ofesi ya parokia, kholo lilankhule lokha ndi wansembe, mwana akhale panja.

Mayi anachita zimenezi, ndipo anatuluka nkhope ili gwa ngati kale, koma mapewa atatsika. Anagwirizana ndi Bambo Mfumu kuti adzayenda ndithu, koma tsiku lililonse limene thupi lidzakane, adzakwera galimoto kufikira malo ogona otsatira, ndipo m'malo mwa mtunda wa tsikulo adzapemphera kolona ndi kuyendera wodwala mmodzi wa m'mudzi umene tafikamo. Palibe chimene chidzatsale ngati ngongole. Izi si zachilendo mu Mpingo. Pokonzekera Chaka Choyera cha 2025, chimene mutu wake unali wa amwendamnjira a chiyembekezo, malangizo ochokera ku Roma ananena kuti okalamba, odwala ndi akaidi amene sangathe kufika kumalo oyera alandire chikhululukiro chomwecho ali pomwe ali, akalumikizana mu mtima ndi oyendawo, n'kupemphera Atate Athu ndi pemphero la chikhulupiriro, ndi kupereka masautso awo kwa Mulungu. Ngakhale ku Santiago de Compostela ku Spain, kumene ena amayenda mwezi wathunthu, chikalata cha ulendo chimaperekedwanso kwa amene wayenda pansi makilomita 100 okha, ndipo safunsidwa kuti anawayenda masiku angati.

Palinso nkhani ya kusala. Makolo athu amakonda kuwonjezera zowawa pa zowawa: kuyenda osadya, kuyenda osavala nsapato, kukana madzi mpaka Misa itatha. Tiwauze mwaulemu kuti lamulo la kusala kudya limagwira pa Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera, ndipo limalekeza munthu akalowa m'chaka chake cha 60. Ngakhale ola limodzi losala tisanalandire Ukaristia silikakamiza okalamba ndi odwala, ndipo madzi ndi mankhwala sizithyola kusalako kwa wina aliyense. Mneneri Eliya asanayende masiku 40 kupita ku phiri la Horebu, mngelo anamudzutsa kawiri kuti adye mkate ndi kumwa madzi, chifukwa ulendo unali womukulira. Ngati Mulungu anadyetsa mneneri wake, ife ndife yani kuti tilole agogo a matenda a shuga anyamuke m'mimba muli pululu?

Tsopano za makonzedwe, monga taziikira ife m'banja mwathu.

Choyamba chinali chipatala. Onse awiri anayezetsa kuthamanga kwa magazi, kumene ambiri timangoti tensau, ndi shuga. Tinawauza a chipatala zoona zake za ulendo, ndipo tinapempha mankhwala okwanira masiku onse ndi ena owonjezera. Aliyense adzanyamula mankhwala ake m'kathumba ka pathupi pake, osati m'katundu wa panjinga amene angatsogole kapena kutsalira. Pali abale ena amene amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku amene safuna kuti gulu liwadziwe. Mtsogoleri asafunse dzina la mankhwala pagulu, angoika nthawi yopuma m'mawa ndi madzulo imene aliyense angamwe zake mwakachetechete. Ngati a chipatala anena kuti mtima wa kholo sungapirire, pamenepo nkhani yatha, tibwerere kwa Bambo Mfumu kukasintha lonjezo.

Nyengo tinasankha ya pakati pa kukolola ndi kusosa, mvula itatha, kutentha kwa Okutobala kusanafike. Koma tisanyengedwe: kuno kumtunda Juni ndi Julayi amaluma, ndipo nkhalamba yogona pasimenti ya kapela popanda mphasa ndi bulangete lokwanira idzadzuka ndi chifuwa. Tikamatsika kulowera ku Moatize zinthu zimasintha, masana kumatentha. Ndiye juzi ndi chipewa zonse zikhalepo.

Mtunda wa tsiku taika makilomita 10 mpaka 12, osapitirira. Achinyamata aseka, akuti pamenepo ndi popita kumsika. Asekedi. Kupita kumsika kamodzi ndi kwina, kudzuka n'kubwerezanso masiku khumi otsatizana ndi kwina. Tidzanyamuka kukangoyera, tidzapuma ola lililonse, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo tidzakhala titafika. Masana ndi a kusamba, kuchapa, kugona pang'ono ndi kolona. Lamulungu sitidzayenda, tidzapemphera ndi akhristu a pamalopo. Ulendo wonse utitengera masabata awiri kapena kupitirirapo. Mayi ndiwo adzakhala patsogolo, ndipo palibe wololedwa kuwapitirira. Lamulo limeneli laoneka laling'ono, koma ndilo lothetsa vuto lija la opuma kale amene amadzuka wotopa akangofika. Bambo, amene sanawinde kanthu ndipo bondo lawo limavuta, avomera movutikira kuti adzayenda tsiku loyamba ndi lomaliza, ndipo masiku apakati adzatsogola pa chapa kukatidikira.

Kwa miyezi iwiri tsopano akhala akuzolowera. Anayamba ndi kuzungulira dimba, kenaka kupita pansi ku tchalitchi ndi kubwerera, ndipo pano amayenda masiku atatu otsatizana kuti tione mmene thupi limadzukira tsiku lachitatu. Amavala nsapato zomwe adzavale pa ulendo, za nsalu, zotakasuka pang'ono, ndi masokosi oyera osabowoka. Patapata ndi wa madzulo pokha. Mapazi adzawonedwa usiku uliwonse ndi tochi, asambitsidwe, aumitsidwe pakati pa zala, apakidwe mafuta. Munthu wa shuga akhoza kukhala ndi bala osalimva, ndipo bala lotero silisewera. Pano mwambo wathu uli ndi mawu ake. Pali zina zimene mayi sangauze mwana wamwamuna, ndi zina zimene bambo sangalole mpongozi kuona. N'chifukwa chake mlongo wanga akubwera kudzasamalira mayi, ine bambo. Ndipo popeza okalamba amafuna kupatuka kawirikawiri, gulu liziima lokha nthawi ndi nthawi, kuti kholo lisachite kupempha. Ambiri amakana kumwa madzi chifukwa cha manyazi amenewa, kenaka n'kukomoka.

Madzi a m'njira tidzawathira Certeza kapena kuwawiritsa. Tidzatenga mapaketi a mchere wa kuchipatala wobwezeretsa madzi m'thupi. Atatha, lita imodzi ya madzi abwino, timasupuni 6 ta shuga tosadzaza ndi theka la kasupuni ka mchere zimagwira ntchito yomweyo. Kamba ndi wathu wa masiku onse: mbatata yophika, mtedza, nthochi, chigumu. Katundu wolemera, ufa, nyemba, mphika, mphasa ndi masikito, adzakhala panjinga ya mdzukulu. Nkhalamba inyamule ndodo, kolona ndi kabotolo ka madzi basi.

Za kogona ndizo zimafuna kalata. Bambo Mfumu atilembera chikalata chotidziwitsa, ndipo ine ndayamba kale kuimbira akatekista ndi atsogoleri a miphakati ya m'njira, kuti pasakhale usiku umene tidzagogode pakhomo la munthu mosayembekezeka. Mfumu ya mudzi nayo idziwitsidwe. Ndipo tisaiwale kuti otilandirawo ndi alimi ngati ife. Mlendo woyera amene amatha nkhokwe ya mwini nyumba wasokoneza ulendo wake. Tidye ufa wathu, tisese kapela tisanachoke, tisiyepo kangachepe.

Gawo limene limandidetsa nkhawa ndi lomaliza, kuchokera pa Mussacama, pamene tidzalowa mu msewu waukulu wa N7 wodzaza ndi magalimoto akuluakulu opita ndi kuchokera ku Malawi. Kuno magalimoto amayenda kumanzere, choncho woyenda pansi agwire kumanja, ayang'anizane ndi galimoto yobwera. Tidzayenda mondondozana, osati mophatikizana, kuwala kulipo, wotsogola ndi wotsiriza atavala zowala. Nyimbo pamenepo zichepe, chifukwa makutu a okalamba samva msanga injini. Pa mpumulo uliwonse tidzawerengana. Luka akutiuza kuti Maria ndi Yosefe, pobwerera ku Yerusalemu, anayenda tsiku lathunthu akuganiza kuti Mwana ali ndi achibale. Zoterezi zikagwera banja limenelo, ife tisadziyese ochenjera.

Chinthu chovuta koposa tinachikambirana tisananyamuke, pabwalo, onse ali pomwepo: ndani adzanene kuti basi? Makolo athu sadzanena okha, ndaona kale. Tinagwirizana kuti kupweteka kwa pachifuwa, kubanika munthu atakhala pansi, chizungulire, kusokonezeka mawu kapena maganizo, kufooka kwa mbali imodzi ya thupi, tsiku lathunthu osataya madzi, kapena bala lotupa, chilichonse mwa izi chikaoneka, mlongo wanga adzalamula ndipo palibe adzatsutse. Tinasankha iye chifukwa mayi amamumvera kuposa ine. Ndalama ya galimoto yadzidzidzi ili payokha mu M-Pesa, siyogulira ndiwo, ndipo tikulemba zipatala zonse za m'njira. Ziphaso ndi makadi a kuchipatala zili m'pepala la pulasitiki. Onse awiri adzalapa tisananyamuke, ndipo ndawafotokozera kuti Sakramenti la Kudzoza Odwala lingathe kuperekedwa kwa okalamba amene mphamvu zawo zachepa kwambiri, silodikira imfa. Bambo anadzuma pomva zimenezi, koma akuganizirabe.

Wina wa m'banja mwathu anandifunsa funso loyenera kuyankhidwa. Anati masabata awiri a anthu asanu, ndalama ya chapa ndi ya mankhwala, kodi sizikanathandiza kugula feteleza, kapena kulipirira mwana sukulu? Ndipo ngati Mpingo ukulola kusintha lonjezo, tikuvutikiranji? Funsoli ndi lolemera, ndipo pali mabanja amene yankho lawo loona ndi kusintha lonjezo n'kukhala pakhomo, popanda tchimo lililonse. Sindikulimbikitsa aliyense kugulitsa mbuzi yomaliza. Koma ife tikutha, ngakhale movutikira, ndipo ndaona chimene miyezi iwiri yokonzekera yachita kale. Poyenda nawo pang'onopang'ono kupita ku tchalitchi, mayi andiuza mayina a anthu amene tinathawa nawo usiku ule, amene anafera ku Malawi, amene anabereka mlongo wanga pamene msana wawo unatopa. Zaka zonsezi ndimakhala nawo pafupi, koma sindinamvepo zimenezi, chifukwa nthawi zonse ndimakhala ndikuthamangira kwina. Mwana wanga wamkulu, amene adzakankhe njinga, anabadwa mtendere ulipo, ndipo nkhondo amaidziwira m'buku la sukulu. Tsopano akufunsa mafunso.

Mayi apempha chinthu chimodzi chokha chimene sitinakambirane ndi Bambo Mfumu. Akuti tikadzaona tchalitchi cha ku Zóbuè patsogolo pathu, adzavula nsapato. Mlongo wanga wakana, ine ndanena kuti tidzaona mmene mapazi adzakhalire tsikulo, ndipo ngati adzakhale opanda bala, kuyambira pachipata pokha. Iwo sanayankhe. Akupitiriza kusoka kathumba koikamo mankhwala, ndipo m'katimo aikamo kale kapepala ka mayina amene akufuna kuti akatchulidwe pa Misa.